Galu Wotchedwa Watcherandani

Ndola,
9 Meyi 2023

Okondedwa asisi amake Miracle,

Muli bwanji ku Mnkhanya? Alamu a Adamson ali bwanji, nanga thonje layamba kuyera? Ine ndafika bwino ndipo maphunziro ayamba, koma mtima uli pa agalu anga awiri amene ndakusiyirani. Kuno ku hositelo salola ngakhale mphaka. Ndalemba kalata chifukwa zonena pa foni zimapita ndi mphepo, komanso netiweki ya kwanuko mpaka munthu akwere pachulu. Iyi muisunge, muziiwerenga.

Musamvere anthu akamati agaluwa ndimawamana chakudya. Agalu a mtundu wa wipeti ndi mmene alili: nthiti pamtunda, mimba yolowa mkati, miyendo ngati ya gwape. Dokotala uja amene anandisiyira ali ana pobwerera kwawo anandichenjeza kuti kuwanenepetsa n'kuwapha. Musasiye ndiwo patebulo, Mphezi amafikira ndi pashelefu pomwe. Nthenga ndi wamantha, akamva njinga yamoto amalowa kunsi kwa bedi. Musamukoke, amatuluka yekha. Juni akafika muziwafunditsa chitenje m'mawa, khungu lawo n'lopyapyala. Za mpando wa pabalaza, alamu andikhululukire, anauzolowera.

Chachikulu ndi ichi. Galu wotere akaona chinthu chikuthamanga, kaya nkhanga, kaya pepala louluka ndi mphepo, nzeru zonse zimathawira kumiyendo. Palibe munthu angamupeze. Chingwe chokha chimene chimamubweza ndi dzina lake. Ndinawaphunzitsa kuti akamva dzina atembenuke, ndipo akafika amalandira kapenta mmodzi. Kapentayo azikhala m'thumba mwanu nthawi zonse.

Mundiyankhe kudzera kwa a Kondi a minibasi, amadziwa basi yobwera kuno. Mundiuze ngati akudya.

Ndine mng'ono wanu,
Ennie

Mnkhanya,
2 Juni 2023

Ennie mng'ono wanga,

Uli bwanji? Ife tilipo, thonje tikutola. Pepala ili ndakhala nalo masiku angapo osadziwa poyambira, ndiye ndingonena. Mphezi wafa.

Lachiwiri ndinapita nawo kudimba chakumadzulo. Nkhanga zinadutsa, onse awiri n'kuuluka. Ndinaitana monga unanenera. Nthenga anatembenuka, koma Mphezi anali atafika kale pampanda wa munda wa alamu a Boston, mng'ono wa bambo a Miracle uja tinagundana naye malire. Pamenepo panali waya wotchera nguluwe. Unamugwira pakhosi, ndipo ndi liwiro lake lija sanalire n'komwe. Tamuika pansi pa bwemba kuseri kwa nyumba. Ndinamukulunga m'chitenje chako chobiriwira.

Nthenga sakudya bwino. Amagona pampando, koma mbali yake yokha, mbali ya mnzake amaisiya. Ukapeza mankhwala a nkhupakupa utumize.

Pepa, mwana wa amayi.

Felister

Ndola,
10 Juni 2023

Asisi,

Muli bwanji? Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pasiteshoni ya basi. Mayeso a Lachisanu ndinalemba, koma musandifunse zimene ndinalembamo.

Inu sindikukuimbani mlandu. Munaitana, mmodzi anabwera. Koma mundiyankhe izi, chimodzichimodzi. Wayawo unali mkati mwa munda kapena panjira yodutsa anthu? Unali umodzi, kapena ulipo wina? A Boston anabwera pakhomo kudzapepesa? Ngati ananenapo kanthu ndikufuna mawu awo enieni, musawatsuke.

Mukudziwa kuti kwathu ku Lupande kutchera waya ndi mlandu, kaya munthu akuti ndi wa nguluwe kaya wa chiyani. Pitani kwa maskauti oteteza nyama zakutchire mukanene, ndipo ngati wayawo munausunga mupite nawo. Galu ameneyu ndinamulera akukwana m'chipewa. Zaka zonse ndagwira ntchito pakiliniki ankandidikira pageti, dzuwa lonse lija. Sangafe ngati khoswe, munthu n'kumangopalasa njinga yake.

Nthenga mumuswere dzira m'phala. Asatuluke popanda chingwe. Ndatsala ndi mmodzi yekhayu, asisi, ndipo ndikufuna ndidzamupeze wamoyo. Mankhwala ali m'kathumba aka. Mumuthire kumbuyo kwa khosi kumene sanganyambite.

Ennie

Mnkhanya,
24 Juni 2023

Ennie,

Uli bwanji? Mankhwala afika, nkhupakupa zagwa.

Kwa maskauti sindipita. Ndikapereka mng'ono wa mwamuna wanga, usiku wake ndikagona kuti? Iwe uli ku Ndola. Ine mkazi wa a Boston ndimatunga naye pamjigo umodzi, ndipo kutchalitchi timakhala benchi limodzi. Bambo a Miracle akuti galu ndi galu, nkhani ithe.

Wafuna mawu osatsuka, ndi awa. Pakhomo sanabwere. Koma tsiku logulitsa thonje, anthu ali pamzere wa sikelo, wina anawafunsa za galuyo. Iwo anati, "Kodi pali nkhani pamenepo? Waya wagwira waya mnzake." Anthu anaseka mpaka wa sikelo anaiwala zimene amalemba. Anawonjeza kuti, "Galu wodya mazira, wogona pasofa ana akugona pamphasa, ameneyo Mulungu amuchitira chifundo." Ine ndinalipo, bale langa lili pamutu. Ndinangoyang'ana pansi.

Za chingwe zakanika. Nthenga ukamumanga tsiku lonse amalira ngati mwana, ndipo watafuna zingwe ziwiri ndi pilo wa bambo a Miracle. Akathamanga m'mawa amakhala munthu, tsiku lonse amangogona. Ndiye ndikumamumasula pabwalo la mpira, ndikaitana amabwera. Usadandaule kwambiri, umadwala mutu iwe.

Felister

Ndola,
3 Julayi 2023

Asisi,

Muli bwanji? Ndamva, ndipo banja lanu sindingalipasule. Za maskauti tazisiya. Koma mawu aja a pasikelo akhala akundizungulira m'mutu mpaka m'kalasi.

Mukukumbukira galu wa malemu amalume ku Msoro, Mudzaona? Tonse tinkadziwa kuti amauza apongozi awo, koma palibe anawatengera kubwalo. Munthu saimbidwa mlandu poitana galu wake. Kuyambira lero Nthenga dzina lake ndi Watcherandani. Ndi funso chabe. Ife sitinatchule munthu.

Ndaliganizira bwino. Ndi lalitali, koma limatha ndi mawu okwera, galu adzalimva ali patali. Muchite motere. Masiku oyamba mukhale naye m'nyumba, muzinena mayina onse awiri pamodzi, latsopano patsogolo, n'kumupatsa kapenta. Mukaona kuti akutembenuka asanamve lachiwiri, lakale mulisiye. Kenako mutuluke naye pabwalo. Akazolowera pamenepo mupite naye kumalire. Muziitana mutayang'ana kwa a Boston, m'mawa pamene akutulutsa njinga, ndi madzulo pamene mkazi wawo akupita kumjigo. Musakalipe poitana. Muziitana mokoma, ngati mukuimba, chifukwa galuyu mawu aukali amamuopsa. Ndipo mokoma ndi mmene zimapwetekera.

Alamu a Adamson akafunsa, munene kuti mwini galu ndiye wasintha, inu mukungosunga. Ndiponso n'zoona kuti galu wa maliro amafunika chinthu chatsopano choti aziganizira.

Anaseketsa anthu ndi galu wanga. Tione ngati adzasekenso.

Ennie

Mnkhanya,
29 Julayi 2023

Ennie iwe,

Uli bwanji? Ukanakhala kuno ukanadwala nthiti. Poyamba ndinkachita manyazi, koma ndikakumbukira za pasikelo mawu amatuluka okha.

Galu anagwira dzina msanga, ndi wanzeru ngati mwini wake. Tsiku loyamba kumalire alamu anali akupopa njinga. Ndinati, "Watcherandani, bwera kuno mwana wanga." Anaima kupopa, kenako anapitiriza ngati sanamve. Tsiku lachitatu ana a sukulu amadutsa. Nditangoitana, wina kumbuyo anayankha kuti, "A Boston." Ine sindinawatume. Tsopano yasanduka nyimbo. Gulu lina limafunsa, lina limayankha, mpaka amaomba m'manja.

Mkazi wa alamu anabwera kumjigo maso ali gwa. Akuti, "Amake Miracle, galu wanuyu akufunsa ndani?" Ndinati, "Mufunseni mwini wake, ine Chingerezi cha agalu sindimva." Anasamuka benchi kutchalitchi.

Alamu akamapalasa kupita kumsika, anyamata a pagolosale amangoti, "Mwaswera bwanji a Watchera?" Iwo amayankha bwinobwino, koma khosi limaonekera misempha. Bambo a Miracle sakuyankhula za nkhaniyi. Amangoti tsiku lina tidzaona kumene ikupita.

Nthenga, ndikuti Watcherandani, akudya tsopano. Dzulo waba mbatata yootcha pamoto penipeni. Utumize sopo wake uja.

Felister

Mnkhanya,
20 Ogasiti 2023

Kwa amayi Ennie Njobvu,

Ndine Boston Sakala, mlamu wa asisi anu. Ndikhulupirira muli bwino ndi maphunziro. Ife tilipo, kutentha kwayamba.

Sindinazolowere makalata, mundipirire. Galu wanu anafa ndi waya wanga, sindikana. Nguluwe zinandithera chinangwa, ndinatchera monga amatcherera aliyense. Zimene ndinanena pasikelo ndinali nditamwa. Mawaya anga ndinazula onse mu Juni, akulu anga a Adamson ndi mboni.

Mwezi uno ku loji ina kumafunika mlonda. Ndinapita nditavala jekete. Kapitawo atawerenga dzina langa anakweza mutu n'kuti, "Kodi si inu a Watcherandani?" Anati adzandiitana. Analemba wina. Malo oonetsa nyama kwa alendo sangalembe munthu wa dzina lotero. Mwana wanga Delia akukana kupita kusukulu. Ndikupempha kuti galuyo mumuchotse dzinali.

Chinanso, galu wanu samvanso. Dzina lake likumveka tsiku lonse, kumsewu, kumjigo, kusukulu. Poyamba ankathamangira aliyense woitana, akafika osapeza kanthu. Tsopano akaitanidwa amangogwedeza khutu. Amake Miracle amaitana mpaka kanayi, galu akununkhiza zake. Madzi aphwa, agwape akutsikira kudambo, ndipo kumeneko kuli mawaya a anthu ena. Mukapanda kusintha, tsiku lina mudzamupeza pa waya ngati mnzake.

Ndine,
B. Sakala

Ndola,
5 Seputembala 2023

Asisi,

Muli bwanji? Ndalandira kalata yochokera kwa a Boston. Yachedwa, akuti minibasi ya a Kondi inafera ku Chipata. Ndaiwerenga kangapo.

Mzere wake womaliza ndi uwu, ndakopera osasintha chilembo: "Mukapanda kusintha, tsiku lina mudzamupeza pa waya ngati mnzake." Mwamva? Munthu amene anapha galu mmodzi akundiuza kumene ndidzapeze wachiwiri, ndipo wasainira dzina lake pansi. Kalatayo ndaisunga mu fayilo ya masatifiketi.

M'kalata yonse mulibe mawu oti pepani. Ndafufuza. Muli za jekete, muli za chinangwa. Akuti galu samvanso, galu amene ndinamuphunzitsa ine ndi manja anga. Zikanakhala zoona inu mukanandiuza. Akufuna kundiopseza kuti ndisinthe dzina, basi. Kukiliniki timadziwa kuti bala likayamba kunyerenyetsa ndiye kuti mankhwala akugwira, ndipo si nthawi yosiyira.

Dzina likhale. Muwonjezere kuitana masana, pamene a Boston amakhala pansi pa mango. Koma musamale. Galu asadye chilichonse chimene sichinachoke m'manja mwanu. Mbale yake ya madzi izikhala m'nyumba. Mukapeza nyama yotayidwa pafupi ndi mpanda, muikwirire mozama, musaigwire ndi manja.

Mundiyankhe ndi basi yoyamba. Sindikugona bwino.

Ennie

Mnkhanya,
13 Seputembala 2023

Ennie,

Uli bwanji? Kalata yako yafika galu ali kale m'mabandeji. Ali moyo, uyambe wapuma.

Zimene analemba alamu n'zoona. Sindinakuuze chifukwa ndinkadziwa kuti usiya kudya, ndiponso ndinkati zibwerera zokha. Loweruka m'mawa tili pabwalo la mpira, gwape anatuluka m'tchire la kumunsi. Galu anangoti zii, n'kupita. Ndinaitana. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. Sanatembenuze ngakhale khutu, koma ana amene amasewera kumeneko anandiyankha bwinobwino kuti, "A Boston." Ndinafuna kulira ndi kumenya mwana wa munthu nthawi imodzi.

Ndinalowa m'nkhalango ya matsanya ndekha, osaona kanthu. Bambo a Miracle anali ku boma. Ndinachita chimene sindinkafuna, ndinakagogoda kwa alamu. Anali akudya. Ndinati, "Alamu, galu wapita kudambo." Anandiyang'ana n'kuti, "Galu uti? Mutchuleni dzina."  Anasamba m'manja, n'kutenga pulayazi ndi njinga.

Sanayendeyende. Anati agwape amadutsa pakati pa chulu ndi chitsime chakale, ndipo wotchera aliyense amatchera pamenepo. Tinamupeza atagona, waya uli kumwendo wakumbuyo, utadya mpaka pafupa chifukwa chodzikoka. Alamu anadula waya, galu anawaluma padzanja, iwo sanamusiye. Anavula shati n'kumukulunga, anamuika m'dengu pakaliyala, ine ndikuthamanga pambuyo nditagwira dengulo.

Njira yopita kwa dokotala wa zoweta imadutsa pagolosale. Anyamata aja ataona alamu opanda shati, magazi ali m'manja, galu wako ali m'dengu, anaimirira onse. Wina anati, "A Watchera, mwagwiranso wachiwiri?" Mpaka lero theka la mudzi likukhulupirira zimenezo, ngakhale ndafotokoza kumjigo ndi kutchalitchi. Alamu sanaime. Anangopalasa.

Wa zoweta wasoka, koma akuti mtsempha unaduka. Adzayenda motsimphina. Kuthamanga kuja kwatha.

Ine dzina lija sindiliitananso, ngakhale ulembe makalata khumi. Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi. Ulembe mawu ochepa oti akawerenge kutchalitchi Lamulungu, kuti mwini galu wachotsa dzinalo ndipo ana aleke. Akamva kuti zachokera kwa iwe adzaleka. Dzanja la alamu latupa, khasu sakugwira.

Felister

Ndola,
19 Seputembala 2023

Asisi,

Muli bwanji? Zikomo pothamanga pambuyo pa njinga ija. Ndapempha chilolezo, ndibwera kumapeto kwa mwezi ndidzamuone ndekha.

Bandeji muzisintha m'mawa uliwonse mutasamba m'manja ndi sopo. Balalo muzitsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, atazirala. Muzinunkhiza. Likayamba fungo kapena mwendo ukatentha, musadikire, mubwerere kwa wa zoweta. Adzafuna kunyambita ulusi, ndiye mudule pansi pa kabakete kakang'ono mumuveke m'khosi. Pampando asadumphire yekha, muzimunyamula. Ntchentche zisafike.

A Boston apite kukiliniki ndi dzanjalo. Galu wanga anabayidwa katemera wa chiwewe, khadi lili m'sutikesi yanga yofiira, akhoza kukaonetsa. Sindikufuna wina adzanene kuti galu wa Ennie anapha munthu. Mukuti sanayendeyende, anangolunjika pamene panali waya. Inu mukuona chifundo. Ine ndikuona munthu wodziwa bwino malo ake.

Galu abwerere ku dzina lake la Nthenga. Muyambire m'nyumba, motsitsa mawu, kapenta ali m'manja, ndipo anthu akunja asalimve. Lina lija musaliitanenso pakhomo, pamenepo ndavomera.

Koma za kutchalitchi, ayi. Ndinali ndi agalu awiri othamanga kuposa chilichonse m'chigwa chonsecho. Wina ali pansi pa bwemba, wina azinyamulidwa pokwera pampando. Ine ndinatcha galu, sindinatche munthu. Galuyo walivula dzinalo. Amene lamukwana, alivale.

Ndine mng'ono wanu,
Ennie